Chipinda chimene tinachimata dothi

Nyumba za pakampu yathu, m'nkhalango ya paini kumtunda kwa Dedza, zinkayenda. Zinali za matabwa. Zipupa zake zinkabwera zokhomeratu kuchokera kocheka matabwa, ndipo akalipentala ankangozilumikiza ndi mabawuti n'kuzikhazika pa timiyala, mphepo n'kumadutsa pansi. Odula mitengo akamaliza phiri lina, mabawuti ankamasulidwa, zipupa n'kukwera thirakitala, mudzi wonse n'kukaima kwina. Banja likakula ankaliwonjezera chipinda, likachepa ankachotsa. Akuluakulu ankati chimenechi ndi chitukuko, ndipo masiku amenewo chinthu chikatchedwa chitukuko munthu sunkafunsa zambiri.

Ife tinali ndi zipinda ziwiri. Bambo sindinawadziwe, mtengo unawagwera ine ndili kumsana. Amayi ankagwira ntchito kunazale, kuthira dothi m'timachubu ta mbande, ndipo anamwalira ndi chifuwa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Agogo, amene anabala amayiwo, analowa m'malo mwawo kunazale kuti tisachotsedwe pakampu.

M'chipinda cha amayi munali thabwa lina lokhala ndi kabowo, pamene mfundo ya mtengo inathothoka. Kanayang'ana kunjira ya kusukulu. Amayi atafooka, osathanso kutuluka, ankandidikira pamenepo. Ndikamafika ndinkaona chala chawo chitatulukira pakabowoko, chikugwedera, ine n'kuchigwira ndisanalowe. Atapita ndinapempha kuti ndizigona m'menemo. Agogo sanafunse chifukwa.

Patangotha miyezi itatu anabwera kalipentala wa pakampu, bambo wansangala wa ku Linthipe, pensulo ili kukhutu.

"Agogo, mwatsala angati muno?"

"Mukuwerenga nkhuku kodi?"

"Nkhuku zilibe mavuto, zimagona mumtengo. Anthu awiri, chipinda chimodzi, mukudziwa kale. Kwa a dalaivala a thirakitala kwabadwa mapasa. Akugona ngati mbatata m'thumba."

"Mwana wanga sanathe n'chaka chomwe kumanda."

"Ine ndine sipanala chabe, mayi. Dzanja lake lili kuofesi." Anayang'ana kumwamba, mitambo itayamba kuda. "Koma sindimasula nyumba m'dzinja. Ndidzabwera chimanga chikauma."

Agogo anakulira ku Mphunzi, ndipo kumeneko nyumba imene mkazi waimata ndi manja ake ndi yake, palibe woinyamula. Mawa lake anatenga khasu ndi chidebe, tinapita kudambo. Tinaponda dothi masiku anayi. Anamata chipinda cha amayi kunja konse, mabawuti onse n'kukwiririka. Mpata wa pansi uja anautsekanso, anati ndi umene unalowetsa chifuwa m'nyumba. Pakabowo paja analowetsapo kabango kuti pasatsekeke, ngakhale sindinawauzepo kanthu za kabowoko.

Amake mapasa anaima pafupi, mwana wina kumsana wina m'manja.

"Agogo, mukumata katundu wa boma? Makutu ndi ambiri pakampu pano."

"Ndikutseka mphepo. Kodi boma limafuna kuti nkhalamba ife ndi chisanu?"

"Ine sindinamve, ndipo sindinaone," anatero akubwerera kwawo.

Dzinja limenelo chipindacho chinali chofunda, chikununkha ngati nyumba yakumudzi. Agogo ankachizira Loweruka lililonse, akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi.

Tsiku lina mu Febuluwale sindinapite kusukulu chifukwa cha malungo. Masana, pakampu pali zii, ndinamva kaphokoso m'chipupa, ngati mvula yowaza patali. Ndinayandikiza khutu. Kenako ndinasindikiza thabwa lapansi ndi chala, chalacho n'kulowa ngati mu dzungu lophika. Munali chiswe.

Ndinadziwa kuti ndikauza agogo agumula dothi lija, mabawuti aonekera, chipinda chipita kwa amake mapasa. Ndikauza kalipentala abwera tsiku lomwelo. Ndiye ndinathirapo phulusa, monga ndinkaonera anthu akuchita kunkhokwe. Ndinathiraponso madzi otentha agogo ali kunazale. Pamalo pobookapo ndinapachikapo chitenje cha amayi. Tsiku lililonse ndinkayeza ndi dzanja mtunda wochokera pofewapo kukafika pakabowo. Poyamba anali manja asanu ndi awiri. Pa Pasaka anali atatu. Kenako ndinasiya kuyeza.

Kalipentala anabweradi mu Juni, m'mawa wa nkhungu, ali ndi anzake awiri. Ataona chipindacho anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Agogo, mwaifunditsa bulangete nyumba ya boma? Mabawuti anga mwawabisa kuti?"

"Pano palibe bawuti. Pali nyumba."

"Tiyeni tiwadzutse." Anagogoda pang'ono ndi hamala. Dothi linagwa, ndipo chipupa chinagwa nalo limodzi. Matabwa anali atatsala khungu lokha, lopyapyala ngati pepala, m'kati muli dothi lofiira ndi chiswe chikubalalika.

Anasiya kuseka. Ananjuta, natola kachidutswa, nakafikisa m'manja.

"Mayi, timiyala tija sitinaike kuti nyumba ikongole. Tinaika kuti chiswe chisakwere. Inu mwachimangira makwerero."

Agogo anagwada pansi pomwepo, m'dothi lawo lomwe lija. Sanalire. Ankangoyang'ana manja awo.

Kalipentala anasuzumira kunjira ya kuofesi, natsitsa mawu. "Ndikanena kuti chiswe chinabwera chokha. Koma dothili lichoke tsopano lino, wina asanadutse."

Amake mapasa ndiwo anayamba kuwola ndi lichero. Sanatiyang'ane. Ndinangowamva akuuza mwana wa kumsana kuti, "Tigonabe m'thumba, bambo." Zipupa zija akanazilandira iwo zikanakhala zamoyo mpaka lero, ndipo ine ndikanamadutsa pakhomo pawo n'kukaona kabowo kanga.

Matabwawo anawaunjika kuseri kuti awatenthe, chiswe chingafalikire nyumba zina. Ndinafunafuna thabwa lija mpaka ndinalipeza, kabango kakadali pomwepo. Nditakasolola n'kulowetsa chala, m'mphepete monse munanyenyeka, bowo n'kukula mpaka dzanja lonse kulowa.

Utsi ukufuka, agogo anandifunsa, "Iwe mwana, unkagona m'menemo. Sunamve kanthu?"

"Ayi, agogo."

Agogo anatola tsache.

Pamene panali khomo lolowera kwa amayi, kalipentala anamangirirapo chipupa chatsopano, chonunkha utomoni. Ndinachifufuza thabwa ndi thabwa. Mfundo zake zonse zinali zolimba. Chaka chotsatira kampu inasamukira kuseri kwa phiri, ndipo pamalo athu anadzalapo paini, mbande za kunazale zomwe agogo anathirira. Agogowo anamwalira ndisanawauze kuti ndinamva.