Nyama ya Lero

Tsiku limene bambo anga anatuluka m'chipatala ku Blantyre, namwino anandiuza chinthu chimodzi mobwereza: mapiritsi a masana asamwe m'mimba mulibe kanthu. Akamwa osadya asanza, ndipo akasanza tibwerera nawo kuwodi. Vuto linali lakuti bambo anali atasiya kudya. Phala ankalikankha. Nthochi ankangoinunkhiza. Lamba wa thalauza lawo ndinachita kumuboola bowo lina ndi msomali.

Tinanyamuka m'mawa pa galimoto yobwereka, ine ndikuyendetsa, iwo atatsamira chitseko, ulendo wa kwathu ku Nsambe. Titadutsa Lirangwe anayankhula koyamba.

"Kanyenya wa mbuzi ndikhoza kudya."

"Mwati chiyani, bambo?"

"Wa mbuzi. Koma ikhale ya lero."

Ntchito ya utolankhani inandisiyira khalidwe limodzi. Ndikafika pamalo ndimayamba ndaona pansi, kenako m'manja mwa munthu, ndipo zapakamwa pake ndimazimvera pomaliza. Pa Zalewa pansi panali matope a madzi otsukira, ngakhale kuti mvula inali isanagwe miyezi ingapo. Dzuwa linali litaswa kale mtengo. Ndinaimika galimoto pamthunzi wa golosale n'kupita pomwe pankafuka utsi.

Wogulitsa woyamba anali ndi chiwaya chachikulu. Mafuta ake anali akuda ngati oyilo wochotsa m'galimoto. Nyama anaiunjika m'mphepete, ndipo ntchentche zimene zinkaterapo zinali zobiriwira zija, zonenepa, zosathawa dzanja. Paphewa anali ndi kansanza kamodzi. Ndili chiimire anapukutira tebulo, anapukutira mpeni, kenako anapukutira thukuta la m'khosi.

"Bwerani asisi, ya lero iyi, yofewa ngati buledi. Lawani kaye, kulawa n'kwaulere."

Anabaya kanthuli ndi kamtengo, n'kukaviika mumchere wa tsabola. Kunja kanali kotentha, mkati kozizira. Tsabola atatha mphamvu, pansi pake panatuluka kukoma kowawasa, konga kwa ndiwo zogona mumphika wovundikira. Ndinalavulira m'manja.

"Mwati ya lero?"

"Ya lero, Mulungu akuona."

"Mwapha lero?"

"Aa, asisi, mafunso anuwo ngati apolisi bwanji? Ndaiika pamoto lero."

Apo m'pamene ndinaphunzira kuti pamsewu mawu akuti "ya lero" sanena za mbuzi, amanena za moto. Nyama ya dzana ikabwerera m'chiwaya m'mawa, yabadwanso. Mwiniwake salumbira monama. Amangoyankha funso limene simunafunse.

Mnzake wa pafupi anaseka mokweza. "Musiyeni ameneyo, asisi! Nyama yakeyo inapemphera nawo Lamulungu lapitali. Bwerani kuno, yanga ili ndi mchira!"

Ogulitsa ambiri amasiya mchira waubweya panyama yopachika, kuti wogula atsimikize kuti ndi mbuzi, si galu. Ndinayandikira. Mchirawo unali wouma gwa, wodzaza fumbi, ndipo anaumangirira kumwendo ndi kawaya.

"Mchira uwu ndi wa mwendo umenewu?"

"Ndi wa mbuzi."

"Mbuzi iti?"

"Mbuzi ndi mbuzi, asisi."

Ndinabwerera kugalimoto chimanjamanja. Bambo anatsegula diso limodzi.

"Palibe?"

"Ilipo, koma lero lake ndi la dzana."

Sanaseke. Ndinawasendera nachesi. Anayamwa kachidutswa kamodzi n'kukabweza.

Pamsewu wa ku Mwanza ndinaona malo a chikwangwani chokongola, chojambulidwa mbuzi ikumwetulira. Panali mipando yapulasitiki ndi ndowa yosambira m'manja, yopanda madzi. Mayi wogulitsa anati nyama yawo imakhala mufiriji, si ya pamsewu ayi. Pansi pa firijiyo pankatuluka timadzi tofiirira, tikuyenderera mpaka pakhomo, ndipo nyerere zinali zitandanda m'mbali mwake. Atatsegula chivundikiro, fungo linandimenya pakhosi.

"Magetsi anazima liti?"

"Amabwerabwera."

Ndinabwerera kugalimoto.

Titasiya tara, msewu unayamba kutisefa. Nthawi ya mapiritsi inali itapitirira. Milomo ya bambo inali yoyera, ndipo pabampu lililonse ankagwira pamimba. Ndinayamba kuganiza zongowamwetsa osadya, kapena kutembenuza galimoto.

Pa Ligowe linali tsiku la msika. Pansi pa mtengo wa mango panali bambo wina ndi mbaula ya mgolo wodula pakati, waya pamwamba, makala akuyaka. Nyama panalibe ngakhale kachidutswa.

"Nyama yatha?"

"Siinayambe. Ndi iyo ikukuyang'ananiyo."

Pamtengopo anamangirirapo mbuzi yofiirira, ikutafuna katoni.

"Nanga mukudikira chiyani?"

"Mnzanga wachisilamu amene amazinga. Ndikapha ndekha, ena sagula."

Ndinamuuza za bambo. Anasuzumira m'galimoto, n'kuvula chipewa. "Pepani madala, chiwindi n'chanu." Wozinga uja anafika panjinga, osapupuluma, n'kuyamba wapereka moni kwa aliyense. Kenako anakokera mbuzi ija kuseri kwa mtengo. Mbuziyo inalira mpaka msika wonse unamva.

Ndikanakonda kulemba kuti apa zinthu zinali zaukhondo. Sizinali. Anaisendera pamasamba a nthochi, agalu atazungulira. Zam'matumbo anakhuthulira pomwepo, zobiriwira, zikufuka nthunzi, ndipo ntchentche zinafika chikopa chisanachoke chonse. M'beseni limene ankatsukira matumbo ndi momwenso ankasambamo m'manja. Galu wina ankanyambita magazi pafupi ndi nsapato yanga. Mutu anauika patebulo, lilime lili panja, maso akadali pa ine.

Mwini mbaula uja atatulutsa chiwindi ndinamugwira mkono. "Mpeniwo bweretsani kuno." Ndinautsuka ndi madzi a m'botolo langa.

"Taonani kuno anthuni!" anaitana anzake. "Mpeni wanga lero wasamba madzi ogula! Mawa ufuna sopo wonunkhira."

"Dulani, muike pawaya. Chisakhudze tebulo."

"Chabwino, adokotala."

Chiwindi sichichedwa kupsa. Ndisanafike nacho kugalimoto, bambo anali atatsitsa kale galasi. Anatenga kachidutswa ndi zala, n'kutafuna pang'onopang'ono, maso ali kutali. Ine ndinkayang'ana pakhosi pawo. Anameza. Anatenga kena.

"Mchere wachepa," anatero.

Kuyambira pamene anagonekedwa, aka kanali koyamba kudandaula za chakudya m'malo mongochikankha. Ndinathamangira mchere. Atadya chokwanira ndinawapatsa mapiritsi, ndipo anamwera madzi amene anatsala m'botolo potsuka mpeni uja.

"Mwadziwa bwanji kuti iyi mudya, bambo? Simunandifunse n'komwe."

"Ndikufunse chiyani? Ndaimva ndekha ikulira." Anandilozera mbale. "Idyako, mwana wanga."

"Ndakhuta."

"Wakhuta chiyani?"

"Zimene ndaona."

Kuchokera tsiku limenelo, ndikaima pakanyenya paliponse sindifunsanso ngati nyama ndi ya lero. Ndimafunsa kuti mbuziyo inalira liti, ndipo ndani anaimva. Ambiri amakwiya. Ena amaloza mchira, ine n'kuyamba kufunafuna kawaya.

Kuchoka pa Ligowe tinadutsa paboma n'kuyamba zitunda za ku Nsambe. Bambo anagona tulo, pakamwa pali mafuta, ndipo mapiritsi anakhazikika. Galimoto inaima kamodzi kokha panjira, pafupi ndi munda wa mbatatesi, ndipo amene anatsika kukasanza ndinali ine.