Chaka Chimene Agogo Anasiya Kusoka

Fungo la mafuta a makina osokera, losakanikirana ndi utsi wa simbi ya makala, limandibwezera pakhonde la sitolo ina ku Old Town, pamene agogo anga aamuna, a Kamwendo, ankasokera. Ndimawaona tepi ili m'khosi, choko kukhutu, mapazi akupalasa makina, uku oitanira minibasi akukuwa mumsewu, iwo akukangana ndi kasitomala za kutalika kwa buluku mpaka onse kugwa n'kuseka. Loweruka amayi ankandisiya pomwepo akamalowa mumsika, ine n'kumatola tizidutswa ta nsalu pansi pa tebulo.

Agogo aakazi anamwalira ndili Sitandade 5. Maliro atatha, bambo, amene ankagwira ntchito ku Capital Hill, anawatenga agogo kudzakhala nafe ku Area 11.

"Mwavutika mokwanira, bambo," anatero. "Tsopano muzipuma."

Makina anakaikidwa m'galaja. Kwathu kunali mpanda wautali ndi kapinga wometedwa bwino, ndipo tikachoka m'mawa kunkatsala zii, kumangomveka njiwa ndi agalu a anthu oyandikana nawo. Agogo anayamba ndi kusiya tiyi kuzizira pampando. Kenako anasiya kumeta ndevu, n'kumadzuka dzuwa lili paliwombo. Ndikawafunsa nthabwala zawo zakale ankangondisisita m'mutu, maso ali kukhoma. Bambo anagula mankhwala oonjezera magazi, a kumpingo anabwera kudzapemphera, azakhali anati ndi ukalamba basi.

Tsiku lina masana ndinawamva agogo akuuza amayi kukhitchini kuti, "Mwana wanga, ine ndikungokutherani ufa. Ndikanangotsagana naye mnzanga uja."

Amayi sanadikire kuti bambo aweruke. Anawakweza agogo galimoto kupita kuchipatala. Adokotala sanapeze vuto m'thupi, ndipo anawatumiza kwa mlangizi, mayi wina wachitsikana wochokera kumpoto. Amayi anatiuza pambuyo pake kuti mayiyo anacheza nawo nthawi yaitali, nanena kuti si ulesi, si ukalambanso, koma matenda okhumudwa kwambiri, ndipo amachizika.

Agogo anabwerako ndi kope, atakwiya. "Kamwana kaja kandipatsa homuweki ngati wa pulayimale!"

Homuwekiyo inali yakuti madzulo alionse azilemba chinthu chimodzi chochita mawa, achichite ngakhale mtima usakufuna, kenako alembe mmene amvera. Ndikuvomera kuti ndinkasuzumira m'kopemo. Tsamba loyamba analemba, "Kumeta ndevu." Pambali pake, "Palibe chasintha." Lotsatira, "Kufika pageti." Pambali pake, "Chimodzimodzi." Masamba ena anali opanda kanthu. Komabe masabata awiri alionse ankavala jekete n'kupita kukacheza ndi mlangizi uja, akung'ung'udza njira yonse.

Patapita mwezi, tikudya, ananena kuti akufuna makina awo atuluke m'galaja. Bambo anaika supuni pansi.

"Anthu aziti chiyani? Aziti ndalephera kukusamalani mpaka mwayambanso ganyu?"

"Iwe," anatero agogo mosakweza mawu, "wandisamala mpaka ndatsala pang'ono kufa."

Ndinaona maso a bambo atafiira. M'mawa mwake, asanapite kuntchito, anapinda manja a malaya n'kunyamula okha makinawo kukawaika pakhonde.

Sizinayende nthawi yomweyo. Ulusi unkakana kulowa m'singano chifukwa maso anali atafooka, ndipo agogo anautaya pansi n'kukagona masiku atatu. Lachinayi amayi anakawagulira magalasi. Woyamba kubweretsa chosoka anali mlonda wa nyumba yoyandikana nafe, yunifomu yake itang'ambika pabondo. Anakhala pa chitini cha penti, ndipo ndinamva agogo akumufunsa kwawo, mfumu yake, dzina la mtsinje umene amamwa. Posakhalitsa antchito a m'nyumba za m'dera lathu anayamba kugogoda pageti ndi madilesi ofuna kuchepetsa. Lachitatu lililonse agogo ankakwera minibasi kupita ku Old Town kukakhala ndi atelala anzawo, n'kubwerako fumbi lili m'nsapato, akunena miseche ya pakhonde.

Sindinganene kuti anabwerera mwakale. Mwezi umene agogo aakazi anamwalira unkawalemerabe chaka chilichonse, ndipo panali masiku amene ankangokhala pamakina manja ali pamiyendo. Koma ankadzuka. Nditawafunsa ngati akufunadi kusoka tsiku lina loterolo, anati, "Sindikufuna. Koma mtima ndi waulesi, mdzukulu wanga. Ukaona miyendo yanyamuka, umatsatira pambuyo." Anakhala nafe zaka zina zisanu ndi chimodzi.

Nditakula ndinawerenga kuti ofufuza akhala akuyesa njira zoterezi pa okalamba, zocheza ndi mlangizi ndiponso zodzikonzera tinthu tochita tsiku ndi tsiku, n'kupeza kuti zimathandiza ambiri, ngakhale ena amafunikanso mankhwala. Chimene chinandikhudza n'chakuti tonse m'nyumba muja tinkawakonda agogo, koma palibe anawafunsa chimene ankafuna.

Bambo anapuma pantchito chaka chatha. Mlongo wanga akufuna kuwapezera dalaivala ndi munthu wosamala nkhuku zawo, kuti asamavutike. Lamlungu lapitali ndinamuuza kuti ayambe wadikira. Ndinakakhala pafupi ndi bambo kuseri kwa nyumba, n'kuwafunsa kuti, "Bambo, inuyo mukufuna kumachita chiyani masiku ano?"

Ine ndinadziletsa kuwayankhira. Kenako anati akufuna kudzala mitengo kumudzi, ku Mitundu, mvula isanathe, ndipo khasu agwira okha.