Masupuni Athu Anathera mu Shire

Dzulo ndinapeza mdzukulu wanga akuboola supuni ndi msomali, ukali wakale unandibwerera.

Kwathu kwa Mlolo masupuni ankasowa, ndipo womenyedwa ndinali ine, wotsuka mbale kudooko. Ndinkafufuza m'matope uku ndikulira, ndikuganiza kuti ng'ona ndizo zimaba.

Tsiku lina ndinapeza bambo kuseri kwa khola akupinda supuni yoduka chogwirira, akuimangirira mbedza kuti izinyezimira ngati kansomba poikoka ndi bwato.

"Yadzulo ija imangozungulira ndikapalasa mwamphamvu, chingwe n'kupotana," anandinong'oneza. "Iyi iyenda bwino. Amayi ako asamve."

Nayonso inazungulira. Anatenganso ina.

Atakola nsomba ya mcheni, mudzi wonse unatama nzeru zawo. Za makofi anga aja, mpaka lero palibe wandipepesa.