Pano Palibe Wamasiye

"Mwatipaya, ba Shamsia! Liwu limozi chabe, munakangiwa kukamba?" Anakuwa motero ba Vera, mnzawo wa m'kagulu ka amayi odyetsa ana ku Kanyama, mumzinda wa Lusaka, komboni yonse ikumva.

Ba Shamsia anangopitiriza kutsuka makapu. Mayi amenewa ndi mwana wa telala wochokera ku Mangochi. Salaula, kaunjika uja, itapha ntchito yosoka, anayamba kukazinga vitumbuwa, phindu lake n'kumaphikira phala ana amene makolo awo anatha ndi matenda aja. Koma tsopano ufa unali utakwera mtengo, phala likusanduka madzi.

Ndiye masiku apitawo kunabwera mtsikana wa bungwe lina lakunja lothandiza timagulu tosamala ana amasiye. Anafunsa ba Shamsia, anawo ali pomwepo akumuyang'ana: "Amasiye alipo angati pano?"

"Pano palibe wamasiye. Aba bonse ni bana banga," anatero ba Shamsia.

Nanga akanati chiyani? Kwathu kuno mwana sumutchula wamasiye iye akumva, chimenecho n'chipongwe! Mtsikanayo anamwetulira, nakwera galimoto, thandizo n'kupita kwina. Ba Shamsia anayenda wapansi mpaka ku ofesi m'tauni kuti akafotokoze, koma mlonda anawabweza pageti, ati za chaka chino zinatsekedwa.

"Manje bazadya chani?" anafunsa ba Vera, ukali utawathera.

Ba Shamsia anaika kapu pansi. "Sininaname ine. Wamene anatuma uja mtsikana kufunsa so pamenso pa bana, abwele kuno. Abwele abauze yeka chifukwa chake mailo kukacha kulibe phala!"