Mbuzi ya Makani Idadziwa Mbusa Wake

Ndikukumbukira chaka chomwe Shire adatilowera m'nyumba kwathu kwa Mbenje osaodira. Madzi ake anali ochuluka moti mlamba wina udagona pamphasa ya atate mpaka kutacha. Amene akukana akafunse mphasayo.

Tonse tidathawira ku tchalitchi cha pamtunda, anthu ndi ziweto pamodzi. Pabwalo pankanunkha matope, utsi wa nkhuni zonyowa ndi ubweya wa mbuzi. Ife mbuzi zathu zonse zidapita ndi madzi, kupatula yaikazi imodzi yabere, yomwe ndinkaweta ineyo. Inali yamakani. Idadyapo sopo, kolala ya yunifomu yanga ndi theka la chipewa cha atate, iwo atachivala.

Madzi ataphwera, bambo wina wa mudzi woyandikana, a Zuze, adaimanga chingwe nkunena kuti ndi yawo. Chizindikiro inalibe. Amayi adangokhala pansi manja ali m'mutu, poti khola lathu lonse linali m'mimba mwa mbuziyo.

Mkulu wa mpingo, a Alufandika, sadafune mkangano pakhomo pa tchalitchi.

"Paja timawerenga kuti nkhosa zimadziwa mawu a mbusa wake," adatero. "Nkhosa kuno tilibe, tiyesera pa mbuzi. Imasuleni, aliyense aitane."

A Zuze adayamba. Adagwada nkuitana mwaulemu ngati akufunsira mbeta. Mbuzi idangowayang'ana, ikubzikula.

Kenaka ine. Poona anthu a mpingo atandizungulira, ndidatulutsa mawu anga a kwaya.

"Bwera kuno, bwera mwanawe."

Mbuzi idanditembenukira mbuyo. A Zuze adayamba kukonza chingwe chawo.

"Iwe," amayi adandinong'oneza, "ulemu umenewo unauyamba liti? Itana mmene umaitanira kudambo."

"Pamaso pa akulu a mpingo, mayi?"

"Adzakukhululukira Lamulungu."

Ndidakoka mpweya wonse wa m'boma la Nsanje.

"Iwe wakudya sopo, wamimba ngati mtsuko, tiye kwanu ndisanakuthyole mwendo!"

Makutu ake adaima. Idalira kamodzi, nkudumpha ana awiri, mtondo ndi njinga ya a Alufandika, kudzandigunda pamimba mpaka ndidagwa chagada m'matope. Ntchembere zidaimba nthungululu zomwe zidamveka mpaka ku Mozambique, ndipo kumeneko adayankha. Ndikulumbira.

"Takhutira, mlandu watha," adatero a Alufandika. "Koma mbusayu pakamwa pake pafunika pemphero."

Mbuzi ija idaswa ana awiri, ndipo khola lomwe ndili nalo lero ndi zidzukulu zake. Makani ndi omwe aja.

Masiku ano ana amapaka penti panyanga, ena amajambula mbuzi pafoni, palibenso woitana. Koma abusa akamalalikira za Mbusa Wabwino woitana nkhosa zake mofatsa, ine ndimangomwetulira pabenchi langa lakumbuyo. Ena a ife ndife mbuzi. Tsiku lodzandiitana ine, adzachita kukalipa ndithu, ndipo ndidzabwera chothamanga.