Kiyi wa Mgolo wa Madzi Amvula

Mayi ena ochapa zovala anthu amangowatcha Amgolo, ndipo eni ake sadandaula. Madzi a pamjigo wa kuderako ndi ouma mtima. Sopo amangotha osachita thovu, m'ketulo mumamera zoyera ngati choko, ndipo thaulo likauma limatha kuima lokha. N'chifukwa chake mvula ikamagwa iwo amakinga madzi a padenga mumgolo waukulu kuseri kwa nyumba, n'kutsekapo ndi loko. Kiyi amamumangirira kunsonga ya nsalu.

Madzi amenewo ndi otsukuluzira zovala zoyera za makasitomala basi. Zina zonse amachapa ndi a pamjigo omwewo, atawawiritsa n'kuwasiya adikhe, pomaliza n'kudontheza kaviniga. Amuna awo tsiku lina anatunga mumgolomo madzi osambira kumutu, ndipo mlanduwo sunathe mpaka lero.

Chilimwe china mpongozi wawo anabereka mwana wamkazi. Matewera ankachoka pachingwe ali gwa, khandalo n'kutuluka nsungu m'ntchafu, kulira kosatonthozeka. Mpongoziyo anawonjezera sopo poganiza kuti akuchepetsa, koma matewera anakhakhala kuposa kale.

M'mawa wina Amgolo anamupeza akulongedza m'chikwama.

"Amayi, ndikakhaleko kwathu mpaka mvula itagwa. Madzi akuno akumupweteka mwanayu."

Mvula inali idakali kutali, ndipo mumgolo munali motsala theka. Amgolo anaganiza za malaya a aphunzitsi ndi mayunifolomu a anesi, omwe amawadyetsa. Kenako anayang'ana kamdzukulu kaja, komwe kanali katangoyamba kuwamwetulira, ndipo mtima unawawawa.

"Bwezani zovalazo, mwananga," anatero akumasula mfundo ya kunsalu. "Sopo muzichepetsa, koma madzi a mumgolowo musaumire."

Posakhalitsa nsungu zinauma. Mgolo nawo unauma mvula isanabwere. Malaya a aphunzitsi anayamba kutuwa, ndipo anesi ena anakapeza wochapa wina. Amgolo sizinawasowetse mtendere. Ankachapa zotsalazo akuimba, khanda lili kumsana.

"Ine munandikaniza kabeseni kamodzi," anadandaula amuna awo.

"Mukadzayamba kuvala matewera, bambo, ndidzakutsegulirani."

Mvula itabwera mgolo unadzazanso, ndipo ena mwa anesi aja anabwerera. Amgolo akadali aukali pa madzi awo, aliyense amadziwa. Koma loko uja sanamubwezerepo. Kamtsikanako tsopano kakuyenda, ndipo kiyi ndiye chidole chake.