Tsiku Limene Chipinda Chathu Chinanyamuka

Dzulo ndinakwera galimoto yakale ya mlamu wanga, ndipo fungo la mipando yopsa ndi dzuwa linandibweza ku Rutendo, komwe ndinakulira.

Ana tinalipo ambiri m'kanyumba kathu, moti pogona tinkapondana. Tsiku lina bambo anabwera ndi chigalimoto chachitali, chotheratu, chochita kukokedwa pachingwe. Anachikhazika panjerwa n'kuchotsa matayala, ndipo anyamatafe tinasamukiramo ndi mabulangete athu. Ine ndinkangodziwa kuti atigulira chipinda. Akalowa kunsi kwake ndi sipanala, ndinkati akukonza maziko.

Lamlungu lina m'mawa ndinamva chipinda chathu chikutsokomola, kenako chinayamba kubwerera chambuyo kulowera kumsewu. Ndinachithamangira ndikulira.

"Ababa, nanga ife tizigona kuti?"

"Kwera iwe, tichedwa kutchalitchi," anatero akuseka. "Mota ndi yoyendera. Tikabwerako ukasuzumire kuseri."

Kuseriko kunali kachipinda kamene bambo ankamanga pang'onopang'ono akaweruka kufakitale yazitsulo, ndipo tsopano kanali ndi malata.

Nditakula, amayi anandiuza kuti injini inali itachira kalekale. Matayala ndiwo ankagona kunsi kwa bedi lawo, kudikira kuti ife tipeze denga.